Ndasankhidwa kukachita digiri ya jogalafe, miyezi itatuyi nditani abale?

mwana_wa_atlas:
Moni nonse a pagulu pano. Ndalandira uthenga woti ndasankhidwa kukachita digiri ya jogalafe ku yunivesite, tikuyamba pakatha miyezi itatu. Kusangalala ndasangalala koma mantha nawo ndi ambiri. Ku sekondale jogalafe ndinkakhoza chifukwa choloweza, mitsinje, mapiri, malikulu a mayiko, mitundu ya mitambo, zonse zinali m'mutu muno. Nde dzulo wina wandionetsa makosi a chaka choyamba, ndaona statistics, GIS (za mapu a pa kompyuta), remote sensing (za zithunzi za satellite), research methods, mtima unangoti phwi. Ine masamu ndinangodutsa mwamwayi. Amene munachitapo kosi imeneyi chonde ndiuzeni, ndikonzekere bwanji? Ndigule chani? Kapena ndingokhala kudikira tsikulo?

Contour_20m:
Kongilatsi mphwanga. Choyamba malikulu a mayikowo uwasunge, azikuthandiza pa kwizi basi kkkk. Zaka zinayi palibe lekichala anandifunsapo likulu la dziko lililonse.

bamboMabvuto:
Jogalafe? Ukufuna kukhala mphunzitsi eti?

mwana_wa_atlas:
@bamboMabvuto funso lomweli andifunsa anthu asanu ndi mmodzi chiyambireni dzulo, inu ndinu achi 7

Mai_wa_GIS:
Mng'ono wanga usamvere zokugwetsa mphwayi, nkhani ya ntchito tibwererako. Ine ndinamaliza kalekale koma ndikuuze chimene ndikanakonda wina akanandiuza ndisanayambe. Ku sekondale amafunsa kuti chinthu chakuti chili kuti. Ku yunivesite amafunsa kuti chilipo bwanji pamenepo osati pena, ndipo kukhalapo kwake pamenepo kukukhudza ndani. Kusiyana konse kuli pomwepo.

Chitsanzo chomwe anatiuza sabata yoyamba ndi cha dokotala John Snow, mu 1854 ku London kudera la Soho kunabuka kolera, anthu oposa 600 anafa, ndipo nthawi imeneyo ambiri ankakhulupirira kuti matendawa amayenda ndi mpweya wonunkha. Iye anafufuza nyumba zomwe pafa anthu, nde anapeza kuti imfazo zaunjikana kuzungulira mpope umodzi wa madzi pa Broad Street. Anakauza akuluakulu a deralo, chogwirira cha mpope chija anachichotsa, kenako iye anajambula mapu oonetsa imfazo nyumba ndi nyumba. Palibe chimene analoweza apa. Anangofunsa kuti bwanji akufa ndi a pano osati a msewu winawo. Ukamaganiza choncho ndiye kuti wayamba kale digiri yako.

kamphepo:
Nkhani ya Snow yo lekichala aliyense wa GIS padziko lapansi amayambira yomweyo, ine ndinaimva m'makosi atatu osiyana

Mai_wa_GIS:
@kamphepo ndipo mpaka lero ukuikumbuka, nde yagwira ntchito

mwana_wa_atlas:
Zikomo achemwali. Koma masamu aja? Ndiuzeni zoona osandinyengerera ayi

Chiphalaphala:
Zoona zake ndi izi. Masamu alipo koma si aja a anthu a engineering. Ufunika kudziwa mean, median, standard deviation, correlation, kenako regression ndi chi-square, ndiponso kusintha ma unit osasokoneza. Chomalizachi anthu amachiderera koma ndi chimene chimagwetsa ambiri. Mapu a sikelo ya 1:50,000 sentimita imodzi ndi mamita 500, nde masentimita awiri ndi kilomita imodzi, izi ziyenera kumabwera zokha osagwira kakyuleta. Hekitala imodzi ndi ma square metre 10,000, mahekitala 100 ndi square kilometre imodzi. Digiri imodzi ya latitude ndi pafupifupi makilomita 111. Ukakwera phiri mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5. Tizinthu ngati timeneti.

Ndipo pali msampha wina womwe unandigwira pa mayeso oyamba enieni, 1:10,000 ndiye large scale, 1:1,000,000 ndi small scale. Ine ndinkaona nambala yaikulu n'kumati ndiye large, osadziwa kuti ndi fraction, theka ndi lalikulu kuposa kota ngakhale 4 ndi wamkulu kuposa 2. Mamalikisi 10 anapita choncho.

Contour_20m:
Msampha umenewo unatigwira kalasi yonse aise

zaMwala:
Ine ndikutsutsako pang'ono. @Chiphalaphala mwachepetsa. Zimatengera mbali yomwe munthu walowa. Akapita ku physical geography, ya zachilengedwe, hydrology ndi climatology muli physics ndi ma equation ndithu, za dothi muli chemistry, osamunamiza mwana. Mnzanga wina anathawira ku human geography, ya za anthu, chaka chachiwiri chifukwa cha kosi imodzi ya hydrology.

Chiphalaphala:
@zaMwala sindikukana, koma iye wafunsa za chaka choyamba. Tisamuopseze asanafike ndi pageti pomwe.

Nachisale_wa_census:
"Anathawira ku human" mwati? Anthu a physical mumaona ngati ife timangocheza. Bwerani mudzawerenge mapeji 40 a theory usiku umodzi mawa lake mukaime kutsogolo kufotokoza. Komanso population geography ndi manambala okhaokha, birth rate, dependency ratio, ma pyramid, ma projection, nde amene akuthawa masamu kuno awapezanso akumudikira.

Mwana_wa_atlas chimene ine ndikuuze ndi choti uphunzire kulemba mokangana. Mwachitsanzo Malthus mu 1798 ananena kuti anthu amachulukana mofulumira kuposa momwe zokolola zingachulukire nde mapeto ake ndi njala. Ester Boserup mu 1965 anati ayi, anthu akachuluka malo n'kuchepa amakakamizika kupeza njira zokololera zambiri pamalo omwewo. Ku sekondale ukalemba mfundo za uyu ndi za uyu wakhoza. Ku yunivesite ukangotero akupatsa mamalikisi apakati, akufuna unene kuti pa nkhani yomwe wapatsidwayo akulondola ndani, umboni wako ndi uti, ndipo pomwe onse awiri akulephera ndi pati. Essay yanga yoyamba inabwera ndi mawu amodzi ofiira pansi, lekichala anangolemba kuti "nde?" Ndinalira tsiku limenelo.

zaMwala:
Ndapepesa amayi, sindinkanyoza kkkk

kamphepo:
Nkhondo ya physical ndi human yayambanso. Pagulu pano sipatha mwezi

mwana_wa_atlas:
Nde ndisankhe mbali iti? Ine ndimakonda za mapiri ophulika ndi zivomerezi

Mai_wa_GIS:
Usasankhe pano. Mayunivesite ambiri chaka choyamba amakupatsa zonse, umasankha patsogolo. Ine ndinalowa ndikufuna za nyengo ndinatuluka ndili wa mapu a m'mizinda. Komanso mavuto enieni sasankha mbali. Madzi osefukira, wa physical akuuza kuti mvula inagwa yochuluka bwanji ndipo mtsinje unadzadza liti, koma chifukwa chimene anthu anamangira m'mbali mwa mtsinjewo komanso amene anavutika kwambiri ndi ndani, ameneyo ndi wa human. Ukamva mbali imodzi yokha lipoti lako ndi la theka.

laputopu_yakufa:
Tikambe za kugula. Laputopu ndiyofunika, osamva za anthu oti lab ilipo. Lab imadzadza sabata ya ma deadline ndipo imatsekedwa nthawi yomwe iwe wayamba kumvetsa. RAM isachepere 8GB, ukakwanitsa 16 ndi bwino, ndipo ikhale ya SSD. Zithunzi za satellite ndi zolemera, yanga ya 4GB inkati ikayamba kupanga classification ndimapita kukachapa n'kubwera isanamalize. Chinanso, pulogalamu ya GIS yotchedwa ArcGIS Pro imayenda pa Windows basi, nde usatengeke ndi MacBook chifukwa chokongola usanafunse kuti dipatimenti yanu imagwiritsa ntchito chani. Ugulenso mouse. GIS pa touchpad ndi chilango.

Contour_20m:
Ine sindikugwirizana nazo zogula pano. Semesita yoyamba yathu yonse inali ya pepala, pensulo, rula, protractor ndi ulusi woyezera misewu yokhota. Adikire akafike aone kaye. Anthu amathamangira kugula kenako n'kupeza kuti agula chosayenera

laputopu_yakufa:
Nde ma assignment azilemba pa chani, pa foni?

Contour_20m:
Ndikunena yamphamvuyo. Iliyonse yomwe ali nayo panopa imukwanira kulemba

Mai_wa_GIS:
Nonse mukulondola pena. Ngati uli nayo kale ina iliyonse, ika QGIS, pulogalamu yopangira mapu, ndi yaulere ndipo imayenda pa Windows, Mac ndi Linux, ngakhale pa makina ofooka imayesetsa. Data yaulere ilipo yambiri. OpenStreetMap, mapu aulere a pa intaneti, inayamba 2004, misewu, mitsinje, nyumba, umangotsitsa. Zithunzi za ma satellite a Landsat zinayamba kujambulidwa 1972 ndipo kuyambira 2008 ndi zaulere, pixel imodzi ndi mamita 30. Sentinel-2 ya ku Europe imafika mamita 10. Usafune kudziwa zonse ayi. Cholinga chako miyezi itatuyi chikhale mapu amodzi okha a dera lomwe umalidziwa bwino, okhala ndi mutu, sikelo, kiyi ndi muvi wolozera kumpoto. Amodzi basi. Ukadzalowa mu lab anzako akufunafuna potsegulira layer iwe uzidzawathandiza.

bamboMabvuto:
Zonsezi Google Maps inapanga kale. Zaka zinayi kuphunzira chinthu chomwe chili pa foni

Chiphalaphala:
Akulu, kakyuleta ilinso pa foni koma ma accountant sanathe ntchito. Google Maps ikuuzani njira yopitira kuchipatala. Siikuuzani kuti chipatala chatsopano chimangidwe pati kuti anthu ambiri asayende mtunda wautali, kapena kuti msewu ukadutsa apa madzi a mvula adzalowera kuti. Ndipo amene amapanga Google Maps yo mukuona ngati anaphunzira chani?

kamphepo:
Poti mwatchula mapu a pa foni, alipo amene anadabwa ngati ine atamva za mapu a dziko lonse a Mercator? Moyo wanga wonse ndinkadziwa kuti Greenland ndi yofanana ndi Africa kukula kwake. Kufika chaka choyamba akutiuza kuti Africa ndi ma square kilometre pafupifupi 30 miliyoni, Greenland 2 miliyoni ndi pang'ono, kutanthauza kuti imalowamo ka 14. Ndinamva ngati andibera

zaMwala:
Anatinamiza dala amenewo

Contour_20m:
Ayi aise apa tisamunamizire munthu. Gerardus Mercator anapanga mapu amenewo mu 1569 kupangira oyenda panyanja, ubwino wake ndi woti ukajambula mzere wowongoka pamapupo ndiye kuti ukutsata mbali imodzi ya kampasi osasintha. Kuti zimenezo zitheke anayenera kufutukula madera a kufupi ndi ma pole. Vuto ndi amene anawatenga n'kukawapachika m'makalasi ngati ndi chithunzi chenicheni cha dziko. Chinthu chobulungira sungachiyale pa pepala osang'amba kapena kukoka pena, projection, kutanthauza njira yoyalira dziko pa pepala, iliyonse imanama penapake, ina pa kukula, ina pa maonekedwe, ina pa mtunda. Umangosankha bodza lomwe silikuwonongera ntchito yako.

zaMwala:
Chabwino koma n'chifukwa chani anapachika omwewo zaka zonsezo? Funso limenelo lilipobe

Nachisale_wa_census:
Ehee @zaMwala takulandirani ku human geography, funso lomwe mwafunsalo ndi lathu kkkkk

Mphunzitsi_wopuma:
Ana anga ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndaphunzitsa phunziroli zaka zambiri, ndiye bambo amene akunyoza uphunzitsi uja ndamumva koma sindimuyankha. Kwa iwe amene wafunsa, ndikuuze ziwiri.

Yamba kuyenda ndi kope. Osati foni, kope ndi pensulo, chifukwa foni imatha moto ndipo bolopeni imakana papepala lonyowa. Sankha njira imodzi yomwe umadutsa kawirikawiri uziyang'ana ngati mlendo. Madzi a mvula akagwa amalowera kuti? Dothi lasintha mtundu pati? Nyumba zathinana pati ndipo zatalikirana pati, chifukwa chani? Jambula ndi dzanja ngakhale sudziwa kujambula, lemba tsiku, nthawi, ndi mbali yomwe wayang'ana. Ophunzira ambiri amafika pa fieldwork maso ali otsegula koma sakuona kanthu, amadikira lekichala awalozere.

Chachiwiri usaope kuoneka wosadziwa. Eratosthenes zaka zoposa 2,200 zapitazo anayeza kuzungulira kwa dziko lonse ndi mthunzi. Anamva kuti ku Syene, komwe lero ndi Aswan, tsiku lina pachaka dzuwa la masana limakhala pamutu penipeni osapanga mthunzi, pomwe ku Alexandria tsiku lomwelo mthunzi umapendekeka madigiri 7.2, lomwe ndi gawo limodzi mwa magawo 50 a bwalo lathunthu. Anangotenga mtunda wa pakati pa mizinda iwiriyo n'kuchulukitsa ka 50. Masamu amenewo ngakhale iwe amene ukuti unadutsa mwamwayi ungawachite. Chovuta chinali kuganiza kuti mthunzi ungayankhe funso lotero.

mwana_wa_atlas:
Zikomo kwambiri aphunzitsi, kope ndigula mawa lomwe. Za fieldwork zo zimakhala bwanji? Anthu amajambulitsa zithunzi zokongola ndimaona ngati ndi kokasangalala

zaMwala:
Kkkkkk zithunzizo amajambula tsiku loyamba m'mawa. Walira mvula walira matope mphwanga. Ife anatipititsa kukayeza mtsinje, kuima m'madzi mpaka m'mawondo kuyambira m'mawa, kuyeza kuya kwake pa theka la mita lililonse kuchoka tsidya lino kufika linalo, kenako kuponya kampira n'kumawerenga masekondi omwe katenge kuyenda mamita 10, katatu katatu, chifukwa discharge, kuchuluka kwa madzi odutsa pa sekondi, ndi kukula kwa cross section kuchulukitsa ndi liwiro la madzi. Tafika kogona madzulo tapeza kuti mnzathu wolemba uja theka analemba mu masentimita theka mu mamita osaonetsa kuti iti ndi iti. Mawa lake tinabwerera. Nsapato zolimba zoti wazivala kale zafewa, jekete la mvula, chipewa, pulasitiki yokutira kope. Nsapato zatsopano usayerekeze, matuza ake sudzaiwala.

Nachisale_wa_census:
Ife fieldwork yathu ndi kugogoda m'makomo ndi questionnaire. Agalu, anthu okukana, ena kukufunsa kuti ukalemba zimenezi ife tipindula chani, funso lomwe mpaka pano limandivuta kuyankha bwino. Uphunzire kupereka moni ndi kudzifotokoza mwaulemu, ndipo munthu akakana wakana, osamukakamiza, za ethics amazitenga serious

laputopu_yakufa:
Ndipo gulu la fieldwork usasankhe anzako ocheza nawo, sankha amene amadzuka

bamboMabvuto:
Palibe wandiyankha za ntchito

Mai_wa_GIS:
Ndikuyankheni akulu. A m'kalasi mwathu ena ali ku mapulani a mizinda, ena amapanga environmental impact assessment, ena za madzi, ena za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ena ku census ndi kafukufuku, ine ndimapanga mapu a kampani ina ya ma network. Ena ndi aphunzitsi ndipo ndi amene anatipanga tonsefe. Koma sindinama, pepala lokha lolembedwa jogalafe silikugulitsa. Amene anavutika kupeza ntchito ndi aja anamaliza opanda luso logwirika. Pa interview amafunsa kuti ungatsegule data iyi n'kutiuza zomwe ikunena? Nde GIS, Excel yeniyeni osati yongolemba mayina, kenako kulemba code mu R kapena Python pang'ono, ndi kulemba lipoti loti munthu wotanganidwa alimve. Zimenezi uziyambe chaka choyamba osadikira chomaliza.

bamboMabvuto:
Nde bwanji osangochita computer science

Chiphalaphala:
Chifukwa kompyuta imakupatsa yankho ngakhale funso lili lopusa. Ndinagwirapo ntchito ndi mnyamata wodziwa code kuposa ine kutalitali, anapanga model yosonyeza mtsinje ukukwera phiri ndipo sanaone vuto lililonse

kamphepo:
Kkkkkkk mtsinje wa mapemphero

zaMwala:
Mwana_wa_atlas poti umakonda zivomerezi werenga za plate tectonics, za kusuntha kwa zigawo za nthaka ya dziko, usanapite, koma uwerenge ndi mbiri yake yomwe. Alfred Wegener ananena mu 1912 kuti makontinenti anali amodzi n'kumatalikirana, umboni anali nawo, magombe a South America ndi Africa olumikizana, miyala ndi ma fossil ofanana mbali zonse ziwiri, koma sanathe kufotokoza mphamvu yomwe ikuwasuntha nde akatswiri ambiri anamukana. Anafera ku Greenland mu 1930. Zinadzavomerezeka m'ma 1960 atayeza pansi pa nyanja n'kupeza kuti pakufutukuka. Ine nkhani imeneyi inandithandiza kusiya kuona notes ngati malemba oyera

Mphunzitsi_wopuma:
Koma osatengerapo mwayi wotsutsa lekichala sabata yoyamba n'kumati ndine Wegener. Iye uja anali ndi umboni.

mwana_wa_atlas:
Abale ndabweranso. Ndaika QGIS pa laputopu ya achimwene anga, ndatsitsa misewu ya OpenStreetMap zatheka bwinobwino. Kenako ndayenda ndi foni kutenga ma coordinate a malo 12, ndalemba mu Excel, ndalowetsa. Madontho anga sakuoneka. Ndapanga zoom out mpaka ndawapeza ali kutali kwina kosakhala kwathu n'komwe. Ndawononga chani?

Contour_20m:
KKKKKK walandiridwa mwalamulo. Aliyense pano zinamuchitikira

laputopu_yakufa:
Ine anga anakagwera pa 0,0 m'nyanja ku Gulf of Guinea, mpaka malowo anthu a GIS anawapatsa dzina loti Null Island chifukwa cha kuchuluka kwa madontho osochera

Mai_wa_GIS:
Usadandaule, ona zinthu zitatu. Poyamba X ndi longitude, Y ndi latitude. Timazolowera kunena latitude poyamba nde ambiri amaika latitude pa X, madontho n'kuthawa. Kenako ona chizindikiro cha minus, kumwera kwa equator latitude imakhala ndi minus, kumadzulo kwa Greenwich longitude imakhalanso ndi minus, Excel nthawi zina umapezeka waisiya polemba. Chomaliza CRS, njira yomwe pulogalamu imawerengera ma coordinate ako, foni imapereka ma degree a WGS 84, nde polowetsa fayilo sankha EPSG:4326. Ukaiuza kuti ndi UTM, yomwe imayeza mu mamita, iwerenga manambala akowo ngati mamita ndipo madontho onse 12 aunjikana pamodzi ngati kadontho kamodzi.

mwana_wa_atlas:
Inali X ndi Y achemwali!! Ndasinthanitsa abwera onse, koma limodzi lagwera pakati pa nyumba ya eni ake pomwe ine ndinaima pamsewu

Chiphalaphala:
Imeneyo ndi GPS ya foni, imaphonya ndi mamita angapo makamaka pafupi ndi makoma kapena pansi pa mitengo. Bwerera mawa pamalo omwewo, uime kaye mphindi imodzi isanakupatse nambala, utenge katatu, ulembe zonse zitatu m'kope muja n'kuona kuti zikusiyana bwanji

bamboMabvuto:
QGIS yo mwati ndi yaulere? Ndikufunsira mwana wa mlongo wanga

kamphepo:
Kkkkk mwana wa mlongo wanu eti akulu